Makanema a Jessie m'Makola Atatu

Mtakataka,
Dedza.
17 Malichi 2025

Okondedwa achemwali anga a Sharon,

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene akutisunga, inu uko ku Durban ndi ife kuno kwathu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kuno tonse tadzuka. Mpunga ku Bwanje wabiriwira moti ukamadutsa pa minibasi umalakalaka kutsika, ngakhale kuti mvula ya chaka chino yabwera ndi ukali wake. Mwana wanu Jessie akudya, akulongolola, ndipo nsapato munatumiza zija zayamba kale kumuthina.

Ndalemba papepala chifukwa kafoni kamabatani komwe mukugwiritsa ntchito chikubereni foni yanu sikangalandire nkhani yaitali chonchi. A Noel, aja amayenda ndi basi ya ku Durban, akunyamuka Lachinayi ndipo avomera kudzakupatsani pamanja. Mu envelopuyi muli fulashi, koma chonde musathamangire nayo pa kompyuta musanamalize kuwerenga.

Munandipempha kuti ndikutumizireninso makanema onse a Jessie, kuyambira ali khanda, popeza anu anapita ndi akuba. Ine ndakhala ndikukuyankhani kuti netiweki ikuvuta. Imavutadi, koma si imene inandichedwetsa, ndipo bodza limeneli ndakalapa Loweruka lapitali. Zoona zake n'zakuti panali masiku amene sindinkadziwa ngati makanemawo adakalipo pa dziko lino kapena ayi. Musagwe mphwayi, achemwali, nkhaniyi ili ndi zokoma zambiri, moti dzanja likuthamanga kuposa mutu. Mundilole ndiiyambire poyambira.

Mukumukumbuka Tiwonge, msuweni wathu, wa amalume a Goodson. Munachoka iye ali ku koleji ku Blantyre kuphunzira za makompyuta. Anamaliza, ntchito sinapezeke msanga, ndiye chaka chatha anabwerera kuno n'kumaswera mu shopu yanga yojambula makanema ija, kundisokoneza ndi kundidyera mandasi. Tsiku lina anayang'ana kompyuta yanga n'kufunsa kuti:

"Iwe Luka, maukwati onse a pa Mtakataka, zinkhoswe, maliro, ukaristia woyamba wa ana a eni, zonse zili m'kabokosi kamodzi aka?"

Ndinati eya.

"Tsiku lomwe kadzafe udzathawira kuti?"

Ndinamuyankha kuti wosunga ndi Mulungu. Iye anati, "Amasungadi, koma anakupatsanso mutu, mwamuna wanga. Kapena unausiya ku sakristiya?" Mukuchidziwa chisuweni chake, alibe nacho manyazi ngakhale pali makasitomala.

Apa m'pamene anandiuza za ntchito yomwe anaiyamba ali ku koleji. Akuti m'tauni makampani akuluakulu amagula makina apadera otchedwa seva, amene ntchito yake ndi kusunga zinthu za makompyuta ena onse. Makinawo amafuna chipinda chozizira ndi magetsi osathima, zinthu zimene kuno timangozimva. Tiwonge anati seva si chitsulo ayi, seva ndi pulogalamu. Iye walemba pulogalamu yake yokwana pa fulashi. Ukaibaya pa kompyuta iliyonse, kaya laputopu yosweka galasi, kaya chikompyuta chakale chimene ofesi inataya, imadzuka ili seva. Siisankha mtundu wa makina. Uikapo kamodemu kokhala ndi simukhadi, basi yayamba kulankhulana ndi inzake ya kutali. Netiweki ikadula siyambiranso pachiyambi, imadikira, ikabwera n'kupitiriza pomwe inalekera. Ankandionetsa pozula chingwe cha magetsi zinthu zili mkati mosamuka, ine mtima uli m'mwamba, iye akuseka. Akabwezeretsa chingwe, ntchito inkapitirira ngati sipanachitike kanthu. Achemwali, ine tsiku limenelo ndinaiwala kudya.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kumene anatenga nzeruyi. Mukukumbukira mmene malemu bambo ankachitira ndi mbuzi? Sankazisunga zonse pakhomo. Zina ankaikiza kwa azakhali ku Golomoti, zina kumtunda, kuti matenda kapena fisi akalowa m'khola limodzi banja lisatsale chimanjamanja. Tiwonge anati ndi zomwezo, ndipo pulogalamu yake anaitcha Khola. Kanema aliyense amakhala wathunthu pa kompyuta ya mu shopu, koma pulogalamuyo imamudulanso zidutswa, n'kuzikhoma ndi kiyi, n'kuzitumiza ku makina atatu okhala kwa anthu atatu. Khola limodzi palokha silingaonetse kanthu, choncho wosunga sangaonere ukwati wa mnzake. Koma makola awiri alionse mwa atatuwo akakumana, kanema amabwerera yense.

Ndinati zimenezo ndi zamatsenga. Anatenga katoni ya sopo n'kulembapo. "Ganiza nambala ziwiri. Munthu woyamba asunge yoyamba, wachiwiri asunge yachiwiri, wachitatu asunge yankho lake utaziphatikiza. Asowe aliyense mwa atatuwa, otsalawo sakuuza yosowayo?" Ndinayesa ndi zala, zinatheka. Ndinayesanso, zinathekanso. Ine amene masamu a Fomu 4 anandizunza ndinawakonda tsiku limenelo.

Tinatolera malaputopu akale atatu n'kusankha anthu owaikiza. Oyamba ndi a Gidiyoni, eni chigayo cha mpunga pa Golomoti, chifukwa ali ndi magetsi. Achiwiri ndi a Nasoni, asodzi aja ankagulitsa usipa kwa amayi, amene ali ndi sola yaikulu yotchajira mabatire a nyali zophera nsomba. Achitatu ndi mayi Anjelina a kufupi ndi Mua, amake a ubatizo a Jessie, amenenso amayang'anira ana a Tilitonse kutchalitchi kwathu. Mwana wawo anawaikira sola chaka chatha. Tinapereka makinawo mu Novembala, pa njinga yamoto yobwereka. Kulikonse Tiwonge ankanena kuti chinthuchi chizikhala choyaka. Kwa mayi Anjelina ananenanso, koma iwo anali kalikiliki kutitungira thobwa, ndipo mawu amene anawamva bwino ndi anga, akuti, "Mayi, tabwera kudzaikiza katundu, mutisungire bwino." Tinapemphera, tinabwerera.

Posakhalitsa Tiwonge anapeza ganyu ya miyezi ingapo ku Lilongwe. Pochoka anandionetsa timadontho titatu pa kompyuta ya mu shopu, kadontho kalikonse khola lake. Kakabiriwira ndiye kuti khola lili moyo, kakafiira ndiye kuti lakhala chete. Anati, "Kakafiira upite ukaone ndi maso ako. Usaimbe foni, usatume munthu, upite."

Ine chimwemwe chinandipitirira. Makanema a Jessie onse anali pa timakhadi ta kamera tomwe ndinkasunga m'chitini cha mkaka. Ndinawasamutsira onse mu Khola, ndipo poona kuti Disembala wayandikira ndi maukwati ake, timakhadi tija ndinatifufuta kuti ndijambulirepo ena. Mumtima ndinkati tsopano mwana wa achemwali ali m'malo anayi, ndani angamukhudze.

Kadontho ka mayi Anjelina kanali katafiira kale nthawi imeneyo. Lamulungu titatuluka Misa ndinawapatsa moni n'kufunsa kuti, "Mayi, katundu wathu uja ali bwino?"

Iwo anati, "Ali bwino zedi, mwana wanga. Palibe ngakhale mmodzi akumukhudza."

Tsono inu mundiweruze, achemwali. Munthu waikiza chinthu kwa wamkulu, wamkuluyo wakuuza pakhomo la tchalitchi kuti chili bwino, iwe unganene kuti tiyeni mukanditsegulire ndikaone? Zimamveka ngati ukuwaganizira kuti agulitsa. Ndinathokoza, ndinadziuza kuti ndi netiweki ya kumapiri. Ka a Nasoni nako kankangophethira, lero kubiriwira mawa kufiira, chifukwa kunyanja netiweki imayenda ndi mphepo. Khirisimasi itayandikira kanafiira osabwereranso, ine n'kumati kabwerera.

Mphenzi inagwa mu Febuluwale, patangopita masiku ochepa mutanditumizira uthenga wa foni yanu yobedwa. Anali masana, ine ndili pamsika ndikudikira kuti mvula idule. Inamenya polo ya magetsi kuseri kwa mashopu athu. Nditafika ndinalandiridwa ndi fungo la pulasitiki wopsa. Kompyuta inali itada mkati monse, ndipo diski yake, kachitsulo kamene kamasunga zinthu, inali itapsa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kolona, koma sindinadutse ndime yoyamba.

Nditamuimbira Tiwonge, mawu ake anali ngati a munthu amene wauzidwa za ukwati.

"Yapsa yonse? Ndiye tsiku la Khola lafika. Usadandaule, mwamuna wanga, zimenezi ndi zomwe ndinailembera. Timadontho tinali bwanji dzulo?"

Ndinayamba kumufotokozera za ukali wa mvula.

"Luka."

"Kamodzi kanali kobiriwira."

Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kunyozedwa. Anangoti, "Upeze njinga yamoto. Ndikwera minibasi yoyamba."

Tinayambira ku Golomoti. Laputopu ya kwa a Gidiyoni tinaipeza pa alumali kuseri kwa chigayo, itayera mbuu ndi fumbi la mpunga, ndipo nkhuku inali itakonza chisa pambali pake chifukwa cha kufunda. Koma inali ikuyaka. Tiwonge anaipukuta ndi mpango wake, anayang'ana, anati zidutswa zonse zilimo.

A Gidiyoni anati, "Ine sindinakakhudze, kamangolira kokha ngati mphaka wokhuta. Koma tandiuzani ana inu, mbuzi yoikiza ikaswa wosunga amalandira kamwana. Kanga ndilandira liti?"

Tiwonge anati, "Ikatenga bere tikuuzani, bambo. Pakadali pano mazira a nkhukuyo ndi anu."

Tinaseka, ndipo ine ndinayamba kupuma. Tinkangofuna khola limodzi lina basi.

Kwa mayi Anjelina tinafika dzuwa litakwera. Anatilandira ndi manja awiri, ndipo titanena kuti tabwerera katundu uja nkhope yawo inawala. Analowa kuchipinda, tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Anatuluka atanyamula mtolo. Anamasula chitenje chawo cha Amayi Achikatolika, mkati munali jumbo, m'jumbomo munali thaulo, m'thaulomo munali laputopu, yonyezimira kuposa mmene tinaiperekera.

"Mlungu womwewo ndinaona kuti ikutentha," anatero, "ndiye zidzukulu nazo zimangofuna kudinadina. Ndinati katundu wa eni angandifere m'manja. Ndinaipumitsa. Taonani nokha, ngakhale kafumbi."

Tiwonge anakhala pansi pa khonde pomwepo, miyendo ili tambalale. Anayankhula mofatsa kwambiri. "Mayi, mwasunga bwino, palibe angatsutse. Koma iyi imasunga ikamayaka. Imayenera kumadya tsiku ndi tsiku zomwe shopu ikutumiza. Zili ngati taikiza mbuzi, inu n'kuitsekera mu sutikesi kuti isade."

Anayatsa. Munalibe kalikonse ka Jessie, chifukwa ine ndinamulowetsa mu Khola iwo atazimitsa kale. Mayi Anjelina atamva kuti mwa zimene tikusaka muli ubatizo wa mwana amene anamunyamula okha pa guwa, anagwira pakamwa. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe unkaona kuti kwafiira?"

"Eya, mayi."

"Osandiuza?"

"Ndinaopa kuti muganiza kuti sindikukukhulupirirani."

"Kuopa ine? Ine amene ndinkakupukuta mamina pa Tilitonse? Ulemu wako watipweteka tonse, mwana iwe."

Tiwonge anapempha kuti tiitenge laputopuyo. Anaikulunganso m'thaulo lomwelo n'kuibereka kumbuyo ndi chitenje ngati mwana.

Tsopano zonse zinatsalira kwa a Nasoni. Msewu wa kunyanja unali phala lokhalokha. Njinga tinaisiya pa golosale ina n'kuyamba wapansi m'mizere ya mpunga, nsapato kumanja. Njira yonse ndinkapempha Amayi Maria, ndipo ndinalonjeza zinthu zambiri zimene tsopano ndiyenera kukwaniritsa. Tinawapeza a Nasoni pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde ndi anzawo. Atationa anaimirira, koma maso anali pansi.

"Salaam aleikum, ana anga. Ndinadziwa kuti mudzabwera. Ndakhala ndikufuna kukuimbirani, koma pakamwa pamalemera. Chinthu chanu chinafera m'manja mwanga."

Akuti chinazima chokha Khirisimasi isanafike. Anasintha batire, anasintha chingwe, osadzuka. Tiwonge anafunsa funso limodzi lokha, kuti chili kuti.

A Nasoni anaitana akazi awo, mayi Asiyatu, amene anatuluka nacho atachiika m'lichero. A Nasoni anati, "Wokonza mafoni wina wa pa Mtakataka anabwera kudzagula nsomba, anachiona, anati ndimugulitse achotsemo zitsulo. Anabweranso kachiwiri. Ndinamuuza kuti kwathu mbuzi yoikiza ikafa sudya n'kupukuta pakamwa, umasunga chikopa kuti mwini wake adzaone. Ndiye chikopa chanu ndi ichi. Mundikhululukire."

Achemwali, Tiwonge anawagwira dzanja bambo amenewo ndi manja awiri. Anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama n'kutsegula laputopuyo pa mphasa. Mkati munali mudzi wa nyerere, mazira ndi ana omwe, ndipo mbali ina inali itachita dzimbiri ndi chinyezi cha kunyanja. Asodzi onse anasiya ukonde n'kutizungulira. Wina anati, "Nyererezi ndiye zaonera makanema aulere." Tiwonge anachotsa diski, anaiuzira, anaiyang'ana padzuwa.

"Bambo, chikopa chafadi. Koma mbuzi ili umu."

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake ankalimbikira kuti pulogalamu yake isamasankhe makina. Anamasula laputopu ya mayi Anjelina kumbuyo, yomwe inali yathanzi kuposa zonse chifukwa chogona mu sutikesi. Anachotsa diski yake n'kuikamo ya a Nasoni. Anabaya fulashi, anaika kamodemu, mayi Asiyatu anabweretsa batire. Makina a mtundu wina, diski ya mtundu wina, koma Khola inadzuka n'kulemba kuti yazindikira khola la kunyanja. Netiweki inali yofooka, ndiye Yusufu, mlamu wawo wa a Nasoni, anamangirira kamodemu kunsonga kwa nsungwi n'kuiimika atagwirizira. Tinadikira. Kadontho ka ku Golomoti kanabiriwira. Makola awiri anali atapezana, lina kuseri kwa chigayo, lina pa mphasa kunyanja.

Mayina a makanema anayamba kutuluka limodzilimodzi, pang'onopang'ono ngati anthu otuluka m'tchalitchi. Ine ndinkangofuna dzina limodzi. Litaoneka, Tiwonge anandisunthira laputopu n'kunena kuti, "Dina wekha, wolakwa iwe."

Anali uja wa tsiku limene Jessie anayamba kuyenda, pakhonde la amayi, atavala kadiresi kachikasu, akugwa n'kudzukanso, mawu anu akumveka pa foni mukumuitana kuchokera ku Durban. Mayi Asiyatu anaimba nthungululu. A Nasoni ankangoti Alhamdulillah, Alhamdulillah. Yusufu anaiwala kuti wagwira nsungwi n'kubwera kudzaonera, netiweki inadula, tonse tinamukalipira, anabwerera, Khola n'kupitiriza pomwe inalekera. Ine ndinalira pamaso pa asodzi, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Ubatizo ulipo, achemwali. Kumeta tsitsi loyamba kulipo. Uja akuvina ndi malemu agogo ake aamuna alipo. Tsiku loyamba ku sukulu ya mkaka, uja anakana kusiya chala changa, alipo. Kusamutsa zonse kunatitengera masiku, tikusinthana ndi Tiwonge, koma zonse zili pa fulashi imene mwaigwirayo.

Kupatula mmodzi.

Chilichonse chimene ndinajambula laputopu ya a Nasoni itafa kale chinangofika ku Golomoti kokha, ndipo khola limodzi silikwanira. Maukwati a Disembala eni ake ndinali nditawapatsa kale, amenewo sakudandaula. Koma sewero la Khirisimasi la ana a Tilitonse, limene Jessie anali mngelo atavala diresi yoyera munasoka nokha ija, lapita. Ndinkati ndidzakutumizirani ndikalikonza bwino, ndipo sindinalikonze, kakhadi kake nako ndinali nditafufuta kale. Theka lake lili kwa a Gidiyoni, lokhomedwa, losaoneka. Ndinamupempha Tiwonge kuti ayese njira ina iliyonse. Anayesa, kenaka anati, "Nambala imodzi siingakuuze inzake, Luka. Masamu sapembedzeka." Pepani, achemwali. Ndikudziwa mmene munaisokera diresi imeneyo mutatopa ndi ntchito za kwa eni.

Ine ndinkayembekeza kuti Tiwonge andidzudzula mpaka Pasaka, koma akuti vuto lina ndi la pulogalamu yake. Akuti anailemba poganiza kuti kadontho kakafiira munthu adzanyamuka kukafunsa, anaiwala kuti kuno mwana safunsa wamkulu kawiri, ndipo wamkulu chinthu chikamufera m'manja amachita manyazi kunena. Ndiye waikonza. Tsopano khola likakhala chete, uthenga umapita pa foni ya wosunga mwini wake, m'Chichewa, wakuti, "Mwaswera bwanji? Ndine Khola. Ndazima, chonde ndiyatseni, zikakanika muuzeni Luka." Palibe amene akufunsa mnzake, chinthucho chikudzidandaulira chokha. Mayi Anjelina uthengawu unawafika koyamba magetsi a sola atatha, ndipo anauyankha kuti, "Ndaswera bwino, kaya inu."

Nkhani ya kunyanja ija yafala. Aphunzitsi a sekondale ina kuno abwera kudzafunsa, a kalabu ya alimi a mpunga nawonso akufuna. Tiwonge ganyu ya ku Lilongwe waisiya, akukhala mu shopu kulemba, ndipo mandasi anga ali pa mavuto. Akuti mtsogolomu makolawa sazidzangosunga, azidzagawananso ntchito. Kanema wa ukwati amene kompyuta imodzi imakonza tsiku lathunthu, makina anayi azidzatenga aliyense gawo lake n'kumaliza tisanamwe tiyi. Ndikamamumvetsera ndimaona ngati Mtakataka wakula.

Pempho langa ndi ili. Tiwonge akufuna khola lina lakutali, kumene mphenzi ya kuno ndi nyerere za kuno sizifika. Munanenapo kuti abwana anu anakupatsani laputopu yakale imene imangokhala. Pa fulashiyi pali pulogalamu ya Khola, ndipo kuseri kwa pepalali Tiwonge walemba mmene mungachitire. Mukavomera, chilichonse chimene ndijambule chizidzafika kwa inu chokha, ndipo kiyi ya makanema a Jessie mudzakhala nayo. Koma chonde musaikulunge m'chitenje.

Tsopano za kanema womaliza pa fulashipo, amene simunamupemphe.

Mayi Anjelina nkhani ya sewero lija inawasowetsa mtendere. Anapita kwa akatekisi kukapempha kuti ana achitenso sewero la Khirisimasi. Akatekisi anati mayi, ino ndi Lenti, nyimbo ya angelo ija sitiimba mpaka Pasaka. Iwo anati m'tchalitchi sitiimba, nanga pansi pa mtengo? Anakambirana mpaka akatekisi anatopa. Choncho dzulo titatuluka mapemphero, mkati mwa Lenti, kuseri kwa tchalitchi kunabadwa Yesu.

Sizinayende ngati poyamba, ndisakunamizeni. Khanda limene linali Yesu mu Disembala tsopano likukwawa, ndipo linatuluka m'chodyera kawiri kutsatira nkhuku. Yosefe wakale anapita kwa azakhali ake ku Salima, ndiye tinaika Alick, amene anaiwala mawu n'kufunsa mwini nyumba ya alendo ngati kuli malo ochajira foni. A Gidiyoni anabwereketsa mbuzi yeniyeni imene inadya nyenyezi. A Nasoni ndi mayi Asiyatu anabwera, anakhala pa benchi chapatali, anaseka mpaka kutsokomola. Diresi ya Jessie yafupika, ikulekeza m'mawondo, ndipo mapiko tinadula pa katoni. Koma anaimba, achemwali. Anakweza manja, anatseka maso, anaimba mokweza kuposa angelo onse, ena n'kumamutsatira.

Sewero litatha, ine ndisanazimitse kamera, anabwera yekha n'kuima patsogolo panga, phiko limodzi litapendekeka. Anafunsa kuti, "Amalume, akundiona amayi umu?" Ndinati adzakuona. Ndiye anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, anati:

"Amayi, iyi ndi yachiwiri, yoyamba inapsa. Yachitatu mudzaonere konkuno, ine kubwereza ndatopa."

Ndinafuna kudula mawu amenewa kuti asakupwetekeni. Tiwonge anati ndikayerekeza andidula chala, ndiye ndawasiya.

Amayi akupereka moni, akuti miyendo ikuwavutabe koma kumunda akupita. Amalume a Goodson akupereka moni. Mayi Anjelina akuti muwakhululukire, ndipo akukupemphererani dzina ndi dzina. A Nasoni akuti kamtolo ka usipa kamene a Noel anyamula n'kanu, musagawireko abwana. Tiwonge akuti muwauze anyamata a ku Durban kuti iye ndi wotomeredwa kale ndi msuweni wake wopanda mutu.

Ine sindikufunsani kuti mubwera liti. Ndikudziwa kuti simunapite kukasewera, ndipo chilichonse chimene mwanayu wavala ndi thukuta lanu. Ndidzapitiriza kujambula monga mwa nthawi zonse. Ndangoti mudziwe kuti Jessie wandifunsa ngati basi ya a Noel imabwerera yopanda anthu, ndipo ndamuyankha kuti ndifunsa amayi ake.

Ambuye akusungeni, akuyendetseni bwino popita ndi pobwera ku ntchito.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Luka